Mmene ndinathanirana ndi phula la m'khutu ndi chizungulire

Khutu langa lakumanzere linatseka kwa sabata ziwiri. Ndinkamva ngati ndili pansi pa madzi, ndipo ndikadzuka msanga pabedi chipinda chinkazungulira.

Poyamba ndinatokosa ndi kamtengo ka machesi, kenako timitengo ta thonje tija. Ndinangokankhira phula mkati, zinthu n'kuipiratu. Musayerekeze.

Kuchipatala dokotala anaunika ndi katochi, n'kupeza phula louma gwa, koma nembanemba yamkati inali yosabooka. Anandiuza kuti ndiyambe ndalifewetsa. Ndinagula kabotolo ka mafuta a olive ku famase, kotsika mtengo, ndipo ndinkadontheza madontho 3 katatu patsiku kwa masiku 5, nditagona chammbali mphindi 10 kuti mafuta alowe.

Nditabwerera, anatsuka khutu ndi madzi. Apa m'pamene pagona nkhani: madziwo akhale ofunda ngati thupi, pafupifupi madigiri 37. Ozizira kapena otentha amasokoneza khutu lamkati, lomwe limatithandiza kuima osagwa, ndiye chizungulire chimakula. Chimbulu chakuda chinatuluka, ndinamva mpaka kulira kwa wotchi yapakhoma.

Ngati khutu likutuluka mafinya kapena nembanemba yamkati inabookapo, musathiremo chilichonse musanaonedwe. Chizungulire changa chinatha mawa lake.