Mmene mungawerengere mbiri ya madzi m'chigoba cha korali

Korali ndi gulu la tinyama ting'onoting'ono ta m'nyanja timene timamanga chigoba cholimba ngati mwala. Korali wa mtundu wa Porites amawonjezera pafupifupi sentimita imodzi pa chigoba chake chaka chilichonse, ndipo pomanga chigobacho amatengeramo tizitsulo tochepetsetsa timene tasungunuka m'madzi a m'nyanja. N'chifukwa chake korali wamkulu amasunga mbiri ya madzi ya zaka mazana, kuyambira anthu asanayambe kuyeza mitsinje.

Yambani mwapeza chilolezo, chimene ku Australia chimachokera ku Great Barrier Reef Marine Park Authority, bungwe la boma loyang'anira dera lalikulu la makorali la Great Barrier Reef. Sankhani korali amene amafikiridwa ndi madzi a mtsinje ukasefukira, ndipo boolani kuchokera pamwamba kutsika pansi motsata kakulidwe kake, mpaka mutulutse chidutswa chachitali ngati munsi. Bowolo mulitseke ndi simenti kuti tizilombo toboola tisalowe. Nyama yamoyo ili pamwamba pokha, ndipo pakapita nthawi imaphimba chotsekeracho.

Ku labotale chekani kachidutswa kopyapyala ndi kukajambula ndi X-ray kuti muone mizere yothinana ndi yotakasuka, popeza mizere iwiri yotere imaimira chaka chimodzi. Mukakaunika ndi kuwala kwa UV (ultraviolet, kuwala kosaoneka ndi maso), zaka za kusefukira kwakukulu zimaonekera ngati mizere yowala.

Gawo limene ndikuliona kuti ndi lofunika koposa ndi kutsuka. Zitsulo zimene mukufufuza n'zochepa kwambiri moti fumbi la sowo, dzimbiri kapena thukuta la m'manja zikhoza kuposa zimene korali anatenga m'nyanja, ndipo pamenepo mudzakhala mukuyeza uve wa m'chipinda chanu. Valani magolovesi, tsukani kangapo ndi madzi oyeretsedwa kotheratu m'makina ogwedeza ndi mafunde a phokoso, ndipo umitsani pamalo opanda fumbi. Kenako makina a laser amawotcha mzere wopyapyala motsata zaka, ndipo makina opima zitsulo otchedwa ICP-MS amawerenga kuchuluka kwa chitsulo chilichonse poyerekeza ndi kashiamu, chitsulo chimene chimachuluka kwambiri m'chigobacho.

Barium, chimodzi mwa zitsulozi, amabwera ndi dothi lokokoloka, ndipo amachoka pa dothilo madzi a mtsinje akakumana ndi amchere. Mu 2003 wasayansi Malcolm McCulloch ndi anzake anagwiritsa ntchito njirayi pa korali wa pafupi ndi chilumba cha Havannah ku Australia, ndipo anapeza kuti dothi lochokera mumtsinje wa Burdekin linachuluka kasanu mpaka kakhumi kuyambira cha m'ma 1870, Azungu atabweretsa ng'ombe ndi nkhosa. Mtovu umanena za utsi: makorali a ku zilumba za Bermuda, m'nyanja ya Atlantic, amaonetsa kuti unachuluka kwambiri cha m'ma 1970 chifukwa cha petulo wothiridwa mtovu ku America, kenako unatsika petuloyo atayamba kuletsedwa.

Musathamangire kuloza chala alimi barium akakwera, chifukwa madzi ozizira okwera kuchokera pansi pa nyanja nawonso amamubweretsa. Yerekezani zotsatira zanu ndi kaundula wa kuchuluka kwa madzi a mtsinjewo, onani strontium, chitsulo china chimene chimasonyeza kutentha kwa madzi, ndipo boolani makorali osachepera awiri kapena atatu, ena kufupi ndi mathiriro a mtsinje, ena kutali.