Kasamalidwe ka khungu louma ndi chikanga m'nyengo yozizira ku Mzuzu

Amene anakhalapo mu Mzuzu m'miyezi ya Juni ndi Julayi amadziwa mmene mphepo ya kumapiri a Viphya imatuwitsira miyendo ndi kung'alula milomo. Mphepoyo ili ndi mbali yake, koma zambiri zimene zimawononga khungu timazichita tokha pothawa kuzizira, makamaka kubafa.

Khungu lili ndi mafuta akeake amene amatsekera madzi mkati. Khungu louma limaperewera mafutawo, pamene khungu lotha madzi likhoza kukhala la mafuta ndithu koma limakokana ndi kuoneka lofota. Kumwa madzi n'kofunika, komabe pakokha sikungachiritse khungu limene mafuta ake amachotsedwa m'mawa uliwonse ndi madzi otentha kwambiri, sopo wochapira zovala ndi chinkhupule.

Choncho yambani ndi kasambidwe. Madzi akhale ofunda chabe, ndipo musapitirire mphindi 10. Sopo akhale wopanda fungo, ndipo mumupake m'khwapa, kumaliseche ndi kumapazi okha, pakuti miyendo ndi mikono sizifuna thovu tsiku ndi tsiku. Chinkhupule chisiyeni kaye. Kutuwa si litsiro, ndipo mukamakhula kwambiri ndi pamenenso khungu limatuwa mbuu.

Mukatuluka m'madzi, dzipukuteni mongogunditsa thaulo, kenaka dzolani mafuta pasanathe mphindi 3, khungu lidakali lonyowa pang'ono. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa mafuta monga Vaseline sabweretsa madzi pakhungu, amangotsekera amene alipo kale. Munthu amene wasamba, wavala, wamwa tiyi, n'kudzakumbukira kudzola akutuluka pakhomo, amapaka pakhungu louma kale, ndipo pofika masana amakhala atatuwanso. Ngati mumakonda gilisalini, musakanize ndi madontho a madzi m'manja, ndipo pamwamba pake mupake Vaseline. Mafuta atsopano aliwonse ayeseni kaye pamalo ochepa mkati mwa mkono kwa masiku angapo.

Chikanga chimafuna chisamaliro choposa pamenepa. Matendawa sapatsirana, koma kawirikawiri amayenda m'banja limodzi ndi mphumu. Kwa makanda chimayamba m'masaya, pamene kwa ana okulirapo chimakonda mopindikira zigongono ndi kuseri kwa mawondo. Pakhungu lakuda sichifiira kwenikweni: malowo amada, amakhakhala, ndipo akakandidwa nthawi yaitali amakhuthala. Mwana wotere adzoledwe kawiri kapena katatu patsiku, zikhadabo zake zikhale zowengedwa, ndipo juzi yaubweya isakhudze khungu lake. Mkati avale malaya a thonje. Zovala za kaunjika zichapidwe ndi kutsukuluzidwa bwino asanavale. Usiku musamuunjikire mabulangeti mpaka kutuluka thukuta, pakuti thukuta limautsa kuyabwa.

Pali ngozi ina imene ambiri saiganizira. Nsalu imene yamwa Vaseline imagwira moto msanga, ndipo kuchapa sikuchotseratu mafutawo, choncho mwana amene amadzoledwa thupi lonse asakhale moyandikira mbaula kapena kandulo.

Chikanga chikabuka, achipatala amapereka mankhwala opaka monga hydrocortisone ya 1 peresenti. Mlingo wake ndi wosavuta kukumbukira: mankhwala amene mwafinyira kuchokera kunsonga ya chala cholozera kufika pamzere woyamba amakwanira malo aakulu ngati manja awiri a munthu wamkulu. Pakani pamalo odwala pokha, kwa masiku amene mwauzidwa, ndipo musasiye kudzola mafuta ngakhale kuyabwa kutatha. Mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa pamsika musawayerekeze n'komwe. Ena mwa iwo amakhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol, amene amaziziritsa kuyabwa kwa masiku ochepa, koma akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu.

Si kuyabwa konse kumene kuli chikanga. Ngati anthu angapo m'nyumba akukanda usiku, makamaka pakati pa zala, mwina ndi mphere, ndipo pamenepo banja lonse liyenera kulandira mankhwala nthawi imodzi. Zipere nazo zimakula mukazipaka mankhwala a chikanga. Pitani kuchipatala chapafupi, kapena ku Mzuzu Central Hospital mukatumizidwa, ngati khungu likutuluka mafinya, lachita nkhanambo zachikasu kapena matuza opweteka, ngati mwana watentha thupi, kapenanso ngati kuyabwa kukumulepheretsa kugona ngakhale mukumudzola tsiku lililonse.