Mmene mungatsogolere mtsutso wa za Ash Ketchum popanda kuyambanitsa anthu

Paliponse pamene achinyamata okonda Pokémon, katuni ya ku Japan ya zilombo zimene anthu amazigwira, kuziphunzitsa ndi kuzimenyanitsa pa mipikisano, akumana kuno ku Salima, kaya m'kanyumba koonetsera kanema pa Kamuzu Road kapena pakhonde la wina ku Senga Bay pamene mitu isanu yaunjirira foni imodzi, pamangofunika munthu mmodzi wonena kuti Ash Ketchum, mnyamata amene ndi mwini nkhani m'katuniyi, ndi mphunzitsi wa zilombo wolephera, basi phokoso labuka. Wina amati mnyamatayu anatha zaka zoposa 20 akungoluza maligi, winanso amamva ngati watukwanidwa iye mwini, popeza anakula akuonera Ash ndi Pikachu, chilombo chake chamagetsi. Ine ndimakhulupirira kuti mtsutso umenewu ndi woyenera kuuchita ndithu, chifukwa kudzudzula Ash si kudana naye, koma milandu yambiri imene anthu amamuimba ndi ya amene ankalemba nkhaniyo, ndipo ntchito yaikulu ya wotsogolera mtsutso ndi kuthandiza anzake kusiyanitsa ziwirizi.

Musanalole aliyense kuyamba kutsutsa, funsani munthu aliyense kuti anaonera mbali iti ya nkhaniyi. Katuniyi inayamba kuonetsedwa pa TV Tokyo pa 1 Epulo 1997, ndipo nkhani ya Ash inatha mu Malichi 2023 itadutsa magawo 1,200. Ambirife timaonera zimene mnzathu watiikira pa memori khadi kapena zimene bandulo yatilola, choncho mupeza kuti wina amadziwa za ku Kanto zokha, dera loyamba la m'nkhaniyi, pamene mnzake anayambira ku Kalos, dera lina la patsogolo, ndipo sanamuonepo Ash akulakwitsa zinthu zachibwana. Anthu awiriwa akamakangana amakhala akunena za anyamata awiri osiyana ngakhale dzina ndi limodzi. Mukatero ikani lamulo lakuti aliyense wobweretsa mlandu atchule dera limene zinachitikira ndi munthu amene Ash ankalimbana naye. Mawu akuti "amangoluza nthawi zonse" musawalandire mpaka mwini wake atanena kuti analuza kuti, ndipo anagonja kwa yani. Funsaninso ngati pali amene sakufuna kuuzidwa mathero a mbali imene sanafikepo.

Inuyo ngati wotsogolera muyenera kukhala ndi mbiri ya maligi m'mutu kapena papepala, pakuti apa ndi pamene mabodza amachulukira. Ku Kanto Ash anathera pa anthu 16 otsiriza, atagonja kwa Ritchie chifukwa Charizard wake anakana kumenya n'kungogona pabwalo. Ku Johto anagonjetsa Gary, mdani wake wa kuyambira kwawo ku Pallet Town, koma anatuluka m'makotafainolo kwa Harrison. Ku Hoenn anatulukanso m'makotafainolo kwa Tyson, ku Sinnoh anafika m'semifainolo n'kugonja kwa Tobias, ku Unova anabwerera m'mbuyo potuluka m'makotafainolo kwa Cameron, ndipo ku Kalos mu 2016 anafika mufainolo n'kugonja kwa Alain. Chikho cha ligi anachitenga ku Alola mu Seputembala 2019 atagonjetsa Gladion, kenako mu Novembala 2022 anagonjetsa Leon n'kukhala katswiri wa dziko lonse. Otsutsa amakonda kuiwala kuti pakati pa zimenezi anapambana ligi ya ku Orange Islands kwa Drake, ndiponso anamaliza mpikisano wa Battle Frontier pogonjetsa Brandon. Mbiri imeneyi mukaiwerenga mokweza gulu lonse likumva, aliyense amadzionera yekha kuti mnyamatayu ankakwera pang'onopang'ono, kupatula ku Unova kokha.

Tsopano tengani mlandu uliwonse paokha ndi kufunsa gulu kuti wolakwa ndi Ash monga munthu wa m'nkhani, kapena ndi olemba. Yambani ndi mabaji a ku Kanto, amene mphunzitsi amayenera kuwapeza pogonjetsa atsogoleri a mabwalo kuti alowe mu ligi, chifukwa pamenepa otsutsa ali ndi mfundo yolimba imene omuteteza ayenera kuivomereza. Baji ya ku Cerulean City anapatsidwa ndi azichemwali ake a Misty, mnzake woyenda naye, chifukwa chopulumutsa malo awo kwa gulu la akuba la Team Rocket, ya Erika anailandira atapulumutsa Gloom pamoto, ndipo ya Sabrina inabwera chifukwa Haunter anamuseketsa mayiyo. Mabaji amenewa anawapeza ndi mtima wabwino, osati ndi luso la pabwalo, ndipo zotsatira zake zinaonekera ku ligi pamene Charizard anamunyozera pamaso pa anthu. Uwu ndi mlandu wa Ash weniweni, popeza sanakonzekere mokwanira ndipo anatulutsa chilombo chimene ankadziwa kuti sichimumvera. Koma musalole kuti nkhani ithere pomwepo. Pemphani wina afotokoze zimene zinachitika ku Orange Islands, pamene Poliwrath wa mphunzitsi wina anaumitsa Charizard ndi madzi oundana, Ash n'kuchezera usiku wonse akumutikita ndi manja mpaka zikhatho zake zinachita zilonda, ndipo kuyambira tsiku limenelo Charizard anayamba kumumvera. Wotsutsa woona mtima amavomereza kuti cholakwacho chinalipo ndiponso kuti chinakonzedwa.

Nkhani ya Tobias ndi yosiyana kotheratu. Munthu ameneyu analowa mu ligi ya ku Sinnoh ndi Darkrai, chilombo cha m'nthano chimene chinkagwetsa chokha magulu athunthu a anzake, ndipo Ash atachigwetsa, Tobias anangotulutsa Latios, chinanso cha mtundu wosowa chomwecho. Ash ndi yekhayo mu mpikisano wonsewo amene anagwetsa Darkrai. Palibe chimene mnyamatayu akanachita mwanzeru kuposa pamenepa, ndipo n'zoonekeratu kuti olemba anamuikira chipupa panjira kuti ulendo upitirire. Chimodzimodzinso chiyambi cha ku Unova, pamene Pikachu amene anali atalimbana ndi Latios anagonja kwa Snivy wa Trip, chilombo chimene mwini wake anali atangochilandira tsiku lomwelo. Nkhaniyo imapereka chifukwa chake, chakuti mphenzi ya Zekrom inali italanda Pikachu mphamvu zake zamagetsi, koma oonera ambiri sanakhutire nacho, ndipo ine sindiwanena. Ku Unova komweko Cameron anabwera ndi zilombo zisanu pa nkhondo yofunika zisanu ndi chimodzi koma n'kupambanabe, zomwe zimapweteka mtima munthu aliyense amene anaona luso la Ash ku Sinnoh.

Kuti gulu limvetse chifukwa chake olemba ankachita zimenezi, lifotokozereni kuti katuniyi inabadwa kuchokera ku magemu. Magemu oyamba anatuluka ku Japan mu 1996, opangidwa ndi Game Freak, ndipo nthawi iliyonse pamene atsopano atuluka, monga Diamond ndi Pearl mu 2006, Black ndi White mu 2010, X ndi Y mu 2013, kapena Sun ndi Moon mu 2016, Ash ankayenera kupita ku dera latsopanolo kukaonetsa zilombo zatsopano kwa ana amene angoyamba kumene kuonera. N'chifukwa chake ankasiya zilombo zake zamphamvu kwa Professor Oak, wofufuza za Pokémon wa kwawo, n'kunyamuka ndi Pikachu yekha, ndipo n'chifukwa chakenso anakhalabe wa zaka 10 mpaka kumapeto. Zili ngati timu ya mpira imene eni ake amagulitsa osewera onse odziwa kumapeto kwa chaka chilichonse n'kusiya mmodzi yekha, kenako ochemerera n'kumadzudzula kochi kuti sabweretsa chikho. Mlandu wa zaka 10 ndi wa kuyambiranso nthawi zonse uikeni kumbali ya olemba, ndipo amene akufuna kuwadzudzula apatseni mpata wokwanira, chifukwa nawonso ndi mtsutso wabwino.

Mbali yovuta kwambiri, imenenso ndimaiona kuti ndi yokoma koposa, ndi ya zilombo zimene Ash ankazimasula ndi zimene sankazikakamiza kusandulika, kutanthauza kusintha maonekedwe n'kukhala zamphamvu kuposa kale. Otsutsa amatchula Butterfree amene anamulola kupita ndi mkazi wake, Pidgeot amene anamusiya kuti azilondera gulu la mbalame zinzake pafupi ndi Pallet Town, Lapras amene anamubwezera kwa abale ake, ndi Greninja amene anatsala ku Kalos pamene anali pachimake pa mphamvu. Amatchulanso Pikachu amene anakana mwala wa Thunder Stone womusandutsa Raichu atagonja kwa Lt. Surge, ndi Bulbasaur amene anakana kusandulika, Ash n'kuwalola onse awiri. Apa musathamangire kugamula, koma imitsani mtsutso ndi kufunsa gulu kuti mphunzitsi wabwino timamuyeza ndi chiyani. Ngati muyeso ndi kuchuluka kwa zilombo ndi zikho, Ash ali ndi mlandu, pakuti anagwira zochepa poyerekeza ndi zaka zimene anayenda, ngakhale mutawerengera a Tauros 30 amene anawagwira ku Safari Zone. Ngati muyeso ndi mmene munthu amasamalira zimene zili m'manja mwake, nkhani imatembenuka. Anthu akapanda kugwirizana pa muyeso angathe kulankhula mpaka dzuwa kulowa osamvana kanthu.

Katuniyo yokha inauika mtsutso womwewu pakati pa Ash ndi Paul ku Sinnoh, choncho ngati pali mbali imodzi yoti gulu lionere pamodzi musanapitirize, ndi imeneyi. Paul ankasankha zilombo zamphamvu zokha n'kutaya zimene ankaziona zofooka, ndipo anataya Chimchar amene ankamuzunza pomuphunzitsa. Ash anamutola Chimchar uja, n'kumulera mpaka anasanduka Infernape, ndipo mu makotafainolo a ligi Infernape yemweyo ndi amene anagwetsa Electivire wa Paul n'kupambanitsa Ash. Komabe kumbutsani omuteteza kuti Paul anali atamugonjetsa Ash kotheratu pa nkhondo yawo ya ku Lake Acuity, ndipo Ash anaphunzirapo kufunika kokonzekera. Olemba sanafune kunena kuti njira ya Paul ndi yopanda nzeru, ndipo nanunso musalole kuti amene akuikonda atsekedwe pakamwa.

Padzakhala wina wosewera magemu amene adzayerekeza Ash ndi Red, mwini nkhani wa magemu oyamba, kapena kudandaula kuti Pikachu anagwetsa Rhydon wa Blaine pomenya mphezi panyanga pamene m'magemu magetsi sagwira chilombo cha mtundu wa nthaka. Muvomerezeni kuti zinachitikadi, kenako muuzeni kuti malamulo a gemu ndi a katuni sanafanane kuyambira pachiyambi, ndipo Red wa mu Pokémon Origins ya 2013 anapatsidwa magawo anayi okha oti amalizire nkhani yake. Musataye nthawi yambiri pamenepa.

Omuteteza nawo ali ndi zizolowezi ziwiri zimene muyenera kuziletsa. Choyamba ndi kunena kuti ndi katuni ya ana choncho siyenera kufunsidwa, pamene iwo omwe amaitenga mozama akamayamikira nkhondo ya Infernape. Ana nawonso amayenera nkhani yolembedwa bwino. Chachiwiri ndi kutseka nkhani ponena kuti anapambana mu 2022 basi. Kupambana kumeneko n'kwenikweni, pakuti anadutsa Steven, Cynthia ndi Leon motsatizana, ndipo palibe anganene kuti amenewa ndi ofooka, koma sikufufuta zimene zinalakwika ku Unova. Ngakhale chikho cha ku Alola otsutsa ali ndi ufulu wochifunsa, popeza ligi imeneyo inali yoyamba m'deralo ndipo aliyense ankalowa popanda kusonkhanitsa mabaji. Oyankha anganene kuti atatenga chikhocho analimbananso ndi Professor Kukui pa nkhondo ya zilombo zisanu ndi chimodzi n'kupambana, ndipo mayankho otere ndi amene mukufuna kuti azimveka.

Pa kayendetsedwe ka zokambirana, perekani mwayi mosinthana ndipo muyambe ndi aang'ono, chifukwa mwana wa ku pulayimale sangatsutse achimwene ake a Fomu 4 akangoyamba iwo kulankhula. Atsikana afunseni mwachindunji maganizo awo, pakuti kawirikawiri amakhala ataonera magawo ambiri koma amasiyidwa kumbali anyamata akakweza mawu. Wina akanena kuti "achimwene, pamenepo mwalakwitsa, amene anamugonjetsa ku Hoenn ndi Tyson," muyamikireni poyera kuti ena aone kuti kukonza mfundo si mwano. Mawu onyoza munthu, monga kumunena kuti ndi mwana chifukwa amakonda Ash kapena kuti ndi wansanje chifukwa amamudzudzula, aletseni nthawi yomweyo osadikira kuti abwerezedwe. Ngati mtsutso uli pa gulu la WhatsApp, pemphani anthu alembe mfundo imodzi pa uthenga umodzi m'malo motumiza mawu ojambula aatali amene ena sangawatsegule chifukwa cha bandulo. Dziwaninso kuti ena amaonera ya Chijapani ya mawu olembedwa pansi, mmene Ash amatchedwa Satoshi ndipo Gary ndi Shigeru, choncho gwirizanani mayina oti mugwiritse ntchito kuti musasokonezane.

Anthu awiri akasiyana pa zimene zinachitikadi m'gawo lina, musavote ndipo musagamule ndi mphamvu zanu. Lembani funsolo, pezani gawolo kwa amene ali nalo, ndipo mudzalionere pamodzi pa kukumana kotsatira musanayambe china chilichonse. Wina akafuna kuyerekeza Ash ndi Liko ndi Roy, amene anatenga malo ake mu Pokémon Horizons kuyambira mu Epulo 2023, muuzeni kuti nkhani imeneyo idzakhala ndi tsiku lakelake, ndipo amene akufuna kudzalankhulapo ayambe aonera magawo angapo a Horizons asanabwere.