Mukapeza kamera yolembedwa Foca, musathamangire kuipukusa

Makamera akale a filimu akupezekabe muno mu Lilongwe. Ena ali m'masutikesi a agogo amene ankagwira ntchito ku mishoni, ena pamphasa za ogulitsa zakale cha ku Area 2, pakati pa mawotchi akufa ndi machaja a foni. Ambiri ndi a ku Japan. Koma mukaona yachitsulo, yolemera m'manja, yolembedwa FOCA, igwireni mwaulemu. Kampani yake inatha kalekale ndipo kulibe sitolo ya masipeyala ake. Chimene mwathyola chathyoka basi.

Yambani ndi kuwerenga. Penapake mupeza zilembo OPL, kutanthauza Optique et Précision de Levallois, kampani imene Armand de Gramont anakhazikitsa mu 1919 ku Levallois, m'mphepete mwa Paris. Poyamba inkapangira asilikali magalasi ndi zida zoyezera mtunda. Kamera ya Foca inatuluka mu 1945, chaka chimene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatha. Nthawiyo kamera ya Leica ya ku Germany inali yovuta kuipeza ku France, choncho Foca inapeza msika uli pululu.

Kenako werengani nyenyezi zimene zili kutsogolo. Nyenyezi imodzi ndi yotchipa, yopanda kagalasi koyezera mtunda. Mumayerekeza nokha kuti munthuyo waima mamita angati. Nyenyezi ziwiri ili nako kagalasiko, ndipo ndi mtundu umene unayamba kutuluka. Nyenyezi zitatu anawonjezera liwiro lochedwa lotsegulira ndi kutseka kuwala, lojambulira m'nyumba. Ikalembedwa Universel ndi yapamwamba, lenzi yake imachoka mukangoipotoza pang'ono. Focasport inabwera mu 1955, ya anthu wamba, lenzi yake siichoka. Wogulitsa akakutchulirani mtengo wa Universel pa Focasport, sekani, muzipita.

Pa lenzi ndi pamene anthu ambiri amaphera kamerayi. Za nyenyezi zija zili ndi mazinga a mamilimita 36, pamene Leica yakale ndi Zorki ya ku Russia ndi 39. Kuziona ndi maso zimafanana, ndiye munthu amatenga lenzi ya Zorki n'kumakakamiza mpaka mazinga kudyeka. Lenzi zake zenizeni zimalembedwa Oplar, Oplarex kapena Oplex. Oplar ya 5 cm imabwerera m'kati mwa kamera ikamasungidwa. Musanajambule muikokere kunja ndi kuipotoza kuti ikhazikike, apo ayi filimu yonse ituluka mbuu.

Tsopano chotsani chivundikiro chakumbuyo. Ubwino wa Foca ndi woti msana wonse umachoka, mumaona zonse. M'kati mwa za nyenyezi ndi Universel muli tinsalu tiwiri takuda topaka labala, ndito timatsegula ndi kutseka kuwala. Chotsani lenzi, lowani m'chipinda chamdima, walitsani tochi ya foni kutsogolo, inu muyang'ane kumbuyo. Mukaona timadontho ta kuwala, labala inauma n'kung'aluka. Pukusani chokokera filimu pang'onopang'ono muone kansalu kachiwiri, chifukwa kawirikawiri kamodzi kamakhala bwino kena katatha. Musatikhudze ndi chala. Timabowo tiwiri titatu timatsekeka ndi penti yakuda ya nsalu, yopaka pang'ono zedi ndi kuisiya tsiku lathunthu iume. Akachuluka, pamafunika mmisiri wosintha nsalu yonse, ndipo ameneyo si mnyamata wokonza mafoni pa Malangalanga, ngakhale atalumbira kuti amatha zonse.

Lamulo limene ine sindiliphwanya pa makamera a tinsalu: pukusani kaye, kenako musinthe liwiro. Ikalimba, isiyeni. Girisi wa m'ma 1950 amauma ngati phula, ndipo mphamvu zanu zimangothyola mano a magiya. Musathiremo mafuta a makina osokera. Amayenderera mpaka pa nsalu ndi pa galasi.

Lenziyo muiyang'ane padzuwa, mbali zonse. Kafumbi si vuto, fumbi la mu Okutobala lokha limalowa paliponse. Choopsa ndi nkhungu, timizere toyera tofalikira m'kati mwa galasi. Nyengo yathu ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndiyo imaibereka, makamaka kamera ikakhala m'chikwama chake chachikopa pansi pa bedi. Ichotseni m'chikopamo, muiike m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Zonse zikakhala bwino, imadya filimu wamba ya 35 mm, ya zithunzi 24 kapena 36. Ine filimu ndimatuma anzanga opita ku Johannesburg, ndipo yoyamba ndimayesera yakuda ndi yoyera. Za nyenyezizi zilibe batire kapena choyezera kuwala. Masana dzuwa lili phwee, filimu ya ISO 100 ikani liwiro pa 1/100 ndi kabowo ka lenzi pa f/16. Pamthunzi wa mango tsegulani mpaka f/5.6. Jambulani chinthu chimodzi pa liwiro losiyanasiyana ndipo muzilemba m'kope, kuti filimu ikatsukidwa mudziwe liwiro limene likunama.

Wina akakuuzani kuti Foca yake ndi ya m'ma 1970, akukunamizani kapena sakudziwa. Misika ya ku Ulaya itatseguka pambuyo pa pangano la ku Rome la 1957, makamera a ku Germany analowa mosavuta, a ku Japan n'kutsatira ndi mitengo yotsika. Fakitale ya OPL ya ku Châteaudun, ku France, inayesa ndi kamera ina yotchedwa Focaflex, koma sizinathandize. Mu 1964 OPL inaphatikizana ndi SOM, kampani ya malenzi a Berthiot, n'kukhala SOPELEM, ndipo posakhalitsa anasiya kupanga makamera. Foca iliyonse imene mungaigwire yadutsa zaka 55, choncho pokambirana mtengo muchotseretu ndalama ya mmisiri.