Kufufuza vuto la cruise control pa galimoto yakale

Cruise control, chipangizo chimene chimasunga liwiro la galimoto popanda dalaivala kuponda pedulo ya moto, ikasiya kugwira ntchito, eni galimoto ambiri amafulumira kuganiza kuti kabokosi kamagetsi kamene kamayendetsa zonse kapsa, ndipo amayamba kufunsa mtengo wa kena. Kawirikawiri vuto silikhala pamenepo. Chipangizochi anachikonza moti chizizima chokha chikangozindikira kuti dalaivala waponda buleki, choncho kufufuza kwanzeru kumayambira pansi, kumapazi kwa dalaivala.

Musanamasule kanthu, tsimikizani kuti mukuyesa moyenera. Magalimoto ambiri salola cruise control kugwira ngati liwiro silinafike makilomita pafupifupi 40 pa ola, ndiye yeserani pa msewu wowongoka, wouma komanso wopanda magalimoto ambiri. Ikakanabe, onani fyuzi yake. Ngati yapsa, ikani ina ya mphamvu yofanana, ndipo ikapsanso dziwani kuti pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo penapake. Kuika fyuzi yokulirapo n'kuitana moto.

Tsopano pitani ku buleki. Pemphani munthu aime kumbuyo kwa galimoto kuti aone magetsi a mabuleki pamene inu mukuponda ndi kusiya. Ngati sakuyaka, kapena akungoyakabe phazi mutachotsa, kawirikawiri kaswichi kamene kali pamwamba pa pedulo ndi kamene kamakhala katalakwa. Nthawi zina kaswichiko kamakhala kabwinobwino, koma kapulasitiki kakang'ono kamene kamakakankha kamakhala kataphwanyika ndi ukalamba, moti mukayang'anitsitsa pa kapeti mumapeza tizidutswa take. Njira ina yosavuta ndi yakuti, mukuyenda, mukweze pedulo ya buleki pang'ono ndi nsonga ya phazi kwinaku mukudina batani la SET, limene limakhazikitsa liwiro. Ikagwira, ndiye kuti kaswichi kangosuntha malo ndipo kakungofunika kukabwezera pamalo pake. Mababu nawonso musawanyalanyaze, chifukwa pa magalimoto ambiri akale magetsi a chipangizochi amadutsa m'mababu a mabuleki, kotero babu lakupsa, ngakhale mababu a LED amene mwaikamo kumene, akhoza kuchilepheretsa kugwira. Galimoto ya magiya osintha ndi dzanja imakhala ndi kaswichi kena pa pedulo ya kilachi, ndipo nako kamafunika kukaona chimodzimodzi.

Zonsezi zikakhala bwino, tsegulani boneti. Magalimoto ambiri a zaka za m'ma 1980 ndi 1990 amagwiritsa ntchito mphamvu yokoka mpweya yochokera ku injini, imene imadutsa m'timapaipi ta labala mpaka pa kachitini kamene kamakoka kebulo ya throttle, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini. Labala akakalamba amauma n'kung'aluka, makamaka kumapeto kumene amalowa pa chitsulo. Lizani injini galimoto itaima, mumvetsere kaphokoso ka mpweya wotayika, kenako muzimitse ndi kupinda kapaipi kalikonse ndi zala kuti ming'alu ioneke. Galimoto imene imasunga liwiro pamalo athyathyathya koma n'kufooka pachitunda imakhala ikuloza kumeneku, popeza mphamvu yokoka mpweyayo imachepa injini ikamakoka katundu. Kebuloyo muione injini ili yozima. Isakhale yolendewera kwambiri kapena yothothoka tiwaya, ndipo throttle izibwerera yokha mukaisiya.

Muvi wa sipidomita ukamadumphadumpha kapena ukafa, vuto lili pa sensa ya liwiro, imene nthawi zambiri imakhala pa giyabokosi, chifukwa chipangizochi sichingasunge liwiro limene sichikulidziwa. Ngati mabatani ali pa chiwongolero ndipo hutala nayo yasiya kulira, mwina waya wopindidwa wa m'kati mwa chiwongolero, wotchedwa clock spring, waduka. Pa galimoto ya airbag, thumba la mpweya loteteza dalaivala pa ngozi, ntchito imeneyi ndi bwino kuisiyira makaniko, pakuti thumbalo likaphulika mwangozi limavulaza.

Kabokosi kaja mukakayikire pamapeto, mutayeza ndi mita kuti magetsi akufikako ndiponso kuti waya wa ethi wagwira bwino. Koma ngati galimoto ikuwonjezera liwiro yokha, kapena cruise control sikuzima mukaponda buleki, musapitirize kuyesera pamsewu. Izimitseni pa batani lake lalikulu, muzule pulagi ya magetsi pa kachitini kokoka kebulo kaja, ndipo musaigwiritsenso ntchito mpaka makaniko ataikonza.