Mankhwala a Parkinson akayamba kutha mphamvu msanga: zochita pakhomo

Munthu wodwala Parkinson, matenda a muubongo onjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi, akamwa mankhwala a levodopa kwa zaka zingapo, mapiritsi amene kale ankamusunga tsiku lonse amayamba kumusiya panjira. M'mawa agogo akuyenda bwino, akumanga okha mabatani a malaya. Pofika 11 koloko thupi lauma, mapazi akukakamira pansi, dzanja likunjenjemera. Ena vuto lawo limabwera mankhwala akagwira kwambiri: mutu, mapewa ndi manja zimagwedezeka zokha. Si ufiti, ndipo odwala sakuchitira dala. Levodopa sakhalitsa m'magazi, theka lake limakhala litatha pakadutsa pafupifupi ola limodzi ndi theka, ndipo matenda akamakula ubongo umalephera kusunga dopamine woti ufike naye pa piritsi lotsatira. Dopamine ndi chinthu chimene ubongo umapanga kuchokera ku levodopa, chothandiza thupi kuyenda bwino.

Yambani ndi kope. Kwa sabata imodzi lembani ola limene odwala amwa mankhwala, ola limene ayamba kumasuka, ola limene thupi laumanso, ndi zomwe adya. Mdzukulu wa kusukulu angathe ntchito imeneyi. Ndimalimbikira kwambiri za kopeli chifukwa dokotala amaona odwala mphindi zochepa chabe, mwinanso nthawi yomwe mankhwala akugwira bwino. Munthu wochokera ku Tsangano kapena ku Furancungo asawononge ndalama ya ulendo n'kukangonena kuti "sakupeza bwino".

Kenako yang'anani mbale. Zakudya zomanga thupi, monga nyama ya mbuzi, kapenta wa ku Cahora Bassa, nyemba, mazira, mkaka ndi nsinjiro, zimalimbirana njira ndi levodopa m'matumbo ndiponso polowa muubongo. Choncho piritsi limwedwe ndi kapu yodzaza madzi, mphindi 30 mpaka 60 asanadye, kapena pakapita ola limodzi kapena awiri atadya. Likawachititsa nseru, kachidutswa ka buledi kapena nthochi n'kokwanira. Musawamane ndiwo, angawonde. Ena amathandizidwa posunthira ndiwo zankhuli ku chakudya chamadzulo, koma kambiranani kaye ndi dokotala. Mapiritsi owonjezera magazi, a ayironi aja, atalikirane ndi levodopa maola awiri.

Kudzimbidwa nakonso kumachedwetsa mankhwala kugwira. Zothandiza ndi masamba, papaya, mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, kuyendayenda, ndi madzi ambiri, makamaka kutentha kwa Okutobala ndi Novembala ku Tete ndi ku Moatize, pamene chizungulire poimirira chimachuluka.

Nthawi yomwera isamasinthesinthe. Ikani alamu pa foni, ndipo popita kumunda, kumaliro kapena kutchalitchi mapiritsi ndi kabotolo ka madzi zikhale m'thumba.

Tsopano pitani ndi kope lija kuchipatala, kaya ku Ulónguè kaya ku chipatala chachikulu cha chigawo mumzinda wa Tete. Dokotala angagawe mankhwala omwewo kuti azimwedwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kapena kuwonjezera ena monga entacapone, selegiline kapena pramipexole ngati alipo. Pa kugwedezeka kobwera ndi mankhwala, amantadine amathandiza ena. Muwauzenso azaumoyo onse kuti odwala ali ndi Parkinson, chifukwa metoclopramide woletsa kusanza ndi haloperidol wa matenda a maganizo amakulitsa matendawa.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndikupemphani musachite nokha. Musawonjezere mapiritsi kapena kalongonda. N'zoona kuti njere za kalongonda zili ndi levodopa, koma kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi mbewu ndi kaphikidwe, ndiye simungadziwe mlingo umene mwapereka. Ndipo musasiye mankhwala mwadzidzidzi: thupi lingaume kwambiri, kutentha ndi kusokonezeka mutu, zomwe zingathe kupha. Mvula isanayambe kudula misewu, funsani kuchipatala ngati angakupatseni okwanira nthawi yotalikirapo, ndipo muzikatenga ena akale asanathe.