Bambo akakana mimba, yambirani kusikelo

Amayi ambiri amene ndimacheza nawo ku Mbare, ku Mufakose ndi ku Epworth amabwera kudzafunsa nzeru mimba itafika kale miyezi isanu ndi iwiri. Nthawi yonseyo amakhala akuimanga ndi chitenje kuti isaoneke, uku akudikira bambo amene anazimitsa foni tsiku lomwe anamva nkhaniyo. Sindikukudzudzulani, achemwali, chifukwa manyazi ndi mantha ake ndikuwadziwa. Chimene chimandipweteka n'chakuti thandizo limene lilipo muno mu Harare ndi lochepa, ndipo pafupifupi lonse limafuna pepala. Pepala loyamba ndi khadi la sikelo.

Yambani sikelo mimba isanakwane miyezi itatu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu asanachire, ulendo woyamba masabata 12 asanathe. Kumeneko akuyezani magazi, akupatsani mapiritsi owonjezera magazi, ndipo mukapezeka ndi HIV muyamba ma ARV aulere oteteza inu ndi mwanayo. Pitani kuchipatala cha khonsolo cha kwanuko, monga Edith Opperman ku Mbare, Rutsanana ku Glen Norah kapena cha ku Mabvuku. Pamakhala ndalama yolembetsera. Ikasowa musabwerere kunyumba mwakachetechete, pemphani kuonana ndi namwino wamkulu mumuuze zoona zake. Kenaka pitani ku ofesi ya boma ya Social Development ya dera lanu mukafunse za kalata imene amaitcha AMTO, imene boma limapereka kwa osowa kuti athandizidwe m'zipatala zake zazikulu monga Parirenyatwa ndi Sally Mugabe, chija timati pa Gomo. Kalatayi saipereka tsiku limodzi, amayamba afufuza za moyo wanu. N'chifukwa chake ndikuti musadikire matenda ayambe.

Tsopano za bambo wa mwana, pamene ambiri timasokonezeka. Kwathu ku Malawi timati mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi atsibweni. Anzathu a Chishona nawo ali ndi mwambo wawo wolipiritsa mwamuna wopereka mimba, umene m'tauni muno timangoti dameji. Miyambo iwiriyi ikakumana, mtsikana amatsala pakati. Akwawo amati mwanayo ndi wathu, musiyeni mwamunayo, kapena amalandira dameji n'kutseka nkhani. Dziwani kuti dameji imapita kwa makolo anu, sigula phala kapena matewera. Ndalama yolerera mwana ndi nkhani ina, ndipo ili ndi lamulo lake, Maintenance Act. Lamuloli silifunsa ngati munakwatirana kapena ayi. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amaletsanso kusala mwana chifukwa chakuti anabadwa kunja kwa banja.

Dandaulo la ndalamayi mumakalipereka kukhoti la majisitireti, ndipo simukakamizidwa kukhala ndi loya. Kalaliki wa khoti amakupatsani mafomu, inu mumalembamo zimene mwana amafuna pamwezi: lendi, chakudya, sopo, mankhwala. Majisitireti amaona zimene bamboyo amapeza ndi zimene inu mumapeza, chifukwa udindo ndi wa nonse awiri. Ngati ali pantchito yolembedwa, khoti likhoza kulamula kuti ndalamayo izidulidwa kumalipiro ake asanawalandire. Akakana kuti mwana si wake, pali kuyeza kwa DNA. Akanyozera chigamulo akhoza kumangidwa. Ndiye kuyambira lero sungani chilichonse: malisiti a kusikelo ndi a sikani, mauthenga a pa WhatsApp amene anavomera kapena kulonjeza, mauthenga a EcoCash ngati anatumizapo ndalama pafoni. Lembani dzina lake lonse, kumene amakhala ndi kumene amagwira ntchito, poti samani imafuna pokamupeza. Ndaona amayi akufufuta mauthenga onse chifukwa cha mkwiyo, n'kudzalira pa tsiku la mlandu. Mukafuna wokuthandizani pa mafomu mwaulere, kuli Zimbabwe Women Lawyers Association, Legal Resources Foundation ndi Legal Aid Directorate ya boma.

Ngati muli pantchito, musaisiye chifukwa cha manyazi. Lamulo la ntchito limapatsa mayi masiku 98 a tchuthi cha uchembere ndi malipiro onse, ndipo kuyambira 2023 anachotsa zija zoti uyambe wagwira chaka chathunthu. Mumangopereka kalata ya kuchipatala yonena nthawi imene mukuyembekezeka kuchira. Mukabwerera kuntchito muli ndi ola limodzi patsiku loyamwitsa. Amene mumagwira ntchito za m'nyumba ku Borrowdale ndi ku Mount Pleasant, kuchotsedwa ntchito chifukwa cha mimba ndi nkhani yokanena ku ofesi ya zantchito. Mtsikana wa pasukulu nayenso sayenera kuchotsedwa chifukwa cha pathupi, lamulo la maphunziro linasintha mu 2020.

Pali nkhani ina imene imatigwira ife a mtundu wa ku Malawi kuposa anzathu. Agogo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ndipo mabanja ena mpaka lero alibe zitupa, ena ali ndi zija zolembedwa kuti mlendo. Mayi wopanda chitupa amavutika kulembetsa mwana, mwanayo n'kudzavutika pa mayeso a Giredi 7, naye n'kudzabereka wopanda chitupa. Gawo 43 la malamulo a 2013 limati munthu wobadwira muno malamulowo asanayambe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Konzani chitupa chanu ku ofesi ya zitupa ya Civil Registry mukadali ndi mphamvu zoima pamzere. Mukachira musatuluke m'chipatala osafunsa za pepala lotsimikiza kubadwa kwa mwana, ndipo kamulembetseni masiku 42 asanathe. Bambo akakana kubwera, mwana mukhoza kumulembetsa nokha m'dzina la kwanu.

Ndalama ya khoti imachedwa, pamene mimba siidikira. Pakali pano uzani munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, kaya azakhali, kaya atsibweni, kaya mayi wa chigwirizano kutchalitchi, kaya wa dawa kumzikiti. Iwowa amadziwa amene ali ndi beseni ndi zovala za mwana zimene zangokhala. Ngati mumagulitsa tomato wa ku Mbare Musika, lowani chipereganyu, anzathu amati mukando, ndipo pemphani kuti ulendo wanu wolandira ukhale mwezi wachisanu ndi chiwiri wa mimba. Zovala gulani za kaunjika pang'onopang'ono, mwana wakhanda sachedwa kuzisiya. Ikani padera ndalama ya galimoto ya usiku ndipo musaikhudze. Katapila yekha, amene kuno amati chimbadzo, musamuyandikire ngakhale zitavuta chotani, chifukwa chiwongoladzanja chake chimadya mpamba wonse mwana asanayambe kukwawa.

Ngati akukumenyani kapena akuthamangitsani panyumba, a bungwe la Musasa amapereka uphungu ndi malo obisalako, ndipo kupolisi funsani a nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Friendly Unit. Ngati mtsikanayo sanakwane zaka 18, umenewo ndi mlandu, si nkhani yokambirana pamphasa. Imbani 116, nambala yaulere ya bungwe lothandiza ana la Childline.

Maganizo nawo amadwalitsa. Mukaona kuti tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, mukungolira, musati ndi mimba chabe. M'zipatala zambiri za khonsolo muli agogo a Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anaiyambira ku Mbare. Amakhala pabenchi panja, amamvetsera popanda kulipiritsa, ndipo zimene mwawauza sazitulutsa. Tsiku lomwe mukukalembetsa sikelo, funsani namwino masiku amene agogowo amapezeka.